Chidole Chakuda cha Pazenera

Tsiku limene mkwatibwi wina anatuluka m'shopu atanyamula nsalu yake yosadula, Singano anakhala pa makina n'kumangoyang'ana khoma. Sanalire. Ankangodabwa.

Dzina loti Singano anamupatsa ndi anzake, poti anali wowonda komanso wakuthwa pakamwa. Kwa zaka zambiri ankasoka madiresi a ukwati m'kachipinda kakuseri kwa shopu ya mayi wina wachizungu. Mayiyo ankalandira makasitomala kutsogolo, kuwamwetulira ndi kuwayeza. Kudula ndi kusoka kunali kwa Singano. Mayiyo atakalamba n'kubwerera kwawo, anamusiyira shopu, makina ndi zidole ziwiri za pazenera zovekapo madiresi.

Makina omwewo, manja omwewo. Koma aliyense wolowa ankasuzumira kumbuyo kwa Singano.

"Mzungu uja alipo?"

"Anapita kwawo. Ndikuthandizani ndine."

"Aa, chabwino, tibweranso."

Sankabweranso.

Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti ofunsawo anali akuda ngati iye. Ena anali atasirirapo madiresi a manja ake pa maukwati a abale awo. Kodi khungu limasoka?

Mlamu wake, woyendetsa takisi, anabwera ndi nzeru. "Mlamu, pachikani jekete pampandopo. Akafunsa muziti mzungu watuluka pang'ono."

"Ndiye bwana wanga akhale jekete?"

Mkulu wake wa Singano sankaseka. Anali atamupezera kale malo kuseri kwa shopu ya mzungu wina. "Tseka pano, mng'ono wanga. Bwerera kuseri, kumeneko sudzachita manyazi."

M'mawa wina akupukuta fumbi pazenera, Singano anaziyang'anitsitsa zidole zija ngati akuziona koyamba. Khungu lotuwa, maso abuluu. Ndiye kuti mtsikana aliyense woima pamenepo ankaona diresi la maloto ake litavalidwa ndi munthu wosafanana naye!

Anagula penti wakuda, wofiirira pang'ono, n'kupaka chidole chimodzi. Chitauma anachiveka diresi limene ankalibisa pansi pa bedi, limene anadzisokera yekha la ukwati wake. Mwamuna anali asanapezeke, koma diresi linalipo, la mikanda yonyezimira pachifuwa ngati mame.

Odutsa anaseka. Mayi wina wachifundo anasuzumira pakhomo.

"Mwanawe, chidole chako chada. Chitsuke, uthawitsa anthu."

"Sichinade, mayi. N'chakuda, ngati inu ndi ine. Kapena inunso tikutsukeni?"

Mayiyo anachoka akung'ung'udza, koma pa ngodya anacheuka kuti achionenso.

Akwatibwi sanathamangire pomwepo, ayi. Singano ankasoka mayunifolomu a ana asukulu ndi kuika zigamba pa mathalauzi, koma m'mawa uliwonse ankapukuta zenera n'kuchisinthira maluwa chidole chake. Mkulu wake ankaimba foni: "Malo aja atengedwa ndi wina ukachedwa." Iye ankangoti, "Atenge."

Kenako masana ena namwino wina, wakuda bii, anaima pazenera nthawi yaitali. Analowa ndi azakhali ake.

"Mzungu alipo?" anafunsa azakhaliwo.

"Azakhali, dikirani kaye," anatero namwino, maso ali pachidole. "Anzanga akhala akundiuza kuti diresi loyera lidzandidetsa kwambiri. Taonani mmene likuwalira pa khungu lofanana ndi langali! Wasoka ndani?"

"Ndine," anayankha Singano.

Azakhali anatembenuza mpendero, akufufuza cholakwika. Sanachipeze. "Koma anakuphunzitsa ndi mzungu, eti?"

"Anandiphunzitsa kumwetulira makasitomala. Ngati mmene ndikuchitiramu."

Namwino anaseka mpaka kugwira tebulo. "Ndikufuna lomweli."

Singano anayang'ana diresi lija. "Limeneli ndi la ukwati wanga."

"Ndi liti ukwatiwo?"

"Mwamuna sanapezeke."

"Ndiye ndipatseni, wanga wapezeka kale!"

Singano analisisita diresi lija kamodzi, n'kulivula pachidole. Zinamupweteka, inde, koma analisokera kuti munthu adzavine nalo, osati kuti lizigona pansi pa bedi.

Pa ukwatiwo atsikana ankamuzungulira mkwatibwi, aliyense ndi funso lomwelo. Iye ankayankha mokweza: "Singano, pa shopu ya chidole chakuda."

Lero olowa m'shopumo amafunsa kuti, "Singano alipo?" Atsikana awiri amene amawaphunzitsa kusoka amakhala kutsogolo, poonekera. Ofunsa mzungu sanatheretu. Akabwera, Singano amawalozera chidole chotuwa chimene sanachipake penti. "Ndi uyo. Koma salankhula, ndipo sanasokepo."

Ndimafunsabe kuti anatiphunzitsa ndani kusuzumira kumbuyo kwa munthu wofanana nafe. Yankho ndilibe, ndipo sindidikira kuti lipezeke. Inu amene manja anu amagwira ntchito dzina n'kupita kwa wina, akakuuzani kuti mwada, musadzitsuke. Mtima usagwe, ndipo musabwerere kuseri. Imani pazenera.