Ndasakaniza tizitsulo ta giyabokosi m'beseni

Mwaswera bwanji nonse. Ine ndatopa, komanso ndalakwitsa.

Galimoto ya bambo a Tadala, ija amanyamulira anthu opita kuboda, yatha sabata ili pakhomo. Lero amakaniko, a Zulu, anamasula giyabokosi pabwalo pathu. Atafika mkati anati ya otomatiki imafuna chida chakechake chopanikizira masipuling'i, masipanala wamba sangathandize. Ananyamuka ndi bambo a Tadala kukabwereka ku Chipata.

Anasiya timipira tachitsulo ndi timasipuling'i pa katoni, kalikonse pamalo pake. Mvula itayamba, mwana akulira kumsana, ndinangokokolera zonse m'beseni n'kulowetsa m'nyumba. Ndinazitsukanso ndi sopo, poti zinalowa mchenga.

A Zulu abwera okha kudzasiya chidacho. Ayang'ana m'besenimo nthawi yaitali.

"Mayi, katoni ija ndiye inali buku langa," atero. "Timipirati tikufanana m'maso mwanu mokha."

Akuti ayesa mawa, koma sakulonjeza. Bambo a Tadala atsalira ku Boma kugula oyilo, sakudziwa kanthu. Pakhomo pano timadyera galimoto yomweyi, abale. Ndiwauze ndekha akangolowa, kapena ndidikire a Zulu ayese kaye?