Chikwangwani cha Mwatipeza

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene anasintha dzina la sitolo ya pa Nsanama. Ndakumbukira zimenezi mwezi wathawu nditaona kuti sitolo yaikulu ina ku Balaka yabwezeretsa dzina lakale lija la Mwatipeza, zilembo zake zobiriwira ngati za nthawi imeneyo. Anthu amsinkhu wanga ankaima panja n'kumalozerana. Ine ndinaganiza za bambo anga.

Bambo, Che Amidu, anali telala wa pakhonde pa Mwatipeza. Masitolo a dzina limeneli analipo angapo m'dera lathu, ndipo iliyonse inali ndi khonde lalitali ndi telala wake. Mzimayi akagula nsalu m'kati ankangotuluka nayo, ikadali ndi fungo lake la chatsopano, n'kuipereka kwa bambo. M'sitolomo munkamveka fungo la palafini ndi sopo. Pakhonde pankalira makina awo osokera, ndipo ankangoleka nthawi ya swala, popita kukapemphera kumzikiti.

Chaka chimenecho kampani ina inagula masitolo onse aja. Tinkangomva kuti eni ake ndi anthu akuluakulu a ku Blantyre, ndipo masiku amenewo nkhani ikafika pa anthu akuluakulu inkathera pomwepo. Kunabwera lole ndi anyamata a penti. Anatsitsa chikwangwani chathabwa n'kukweza china chamalata, cholembedwa dzina lachingerezi limene anthu akwathu sanavutike n'kuliphunzira. Manijala watsopano, mnyamata waulemu wovala tayi, anatuluka n'kupatsa bambo moni ndi manja awiri.

"Bambo, pepani. Atilamula kuti pakhonde pasamakhale munthu. Akuti sitolo izioneka bwino."

"Ndiye kuti ine ndimaitchinga?"

"Iyayi, bambo. Ine ndangotumidwa."

Bambo sanatsutse. Chapafupi panali achinyamata achipani amene ankaona makadi a umembala pachipata cha msika, ndipo munthu sankadziwa kumene mawu ake angakafike. Anangopempha chinthu chimodzi: chikwangwani chakale chija, chimene anyamata a penti anali atachiponya kuseri kuti chikhale nkhuni.

Tinachinyamula awiri mpaka kwathu, kutsidya kwa dambo. Chinali cholemera moti chinandisupula paphewa. Mwezi wa Ramazani unali pafupi, ndipo ntchito yosoka zovala za Idi ndi imene inkatidyetsa mpaka nthawi yokolola. Ikanalephereka, bambo akanagulitsa makina n'kupita kukagwira ganyu kwa Kalembo, monga anachitira amalume anga. Tonse m'nyumba tinkadziwa zimenezi, ngakhale panalibe ankazitchula.

"Anthu sadziwa Amidu," bambo anauza amayi. "Amadziwa Mwatipeza. Kumene kuli dzinali, abwera."

Anachikhoma pa mitengo iwiri kutsogolo kwa nyumba, moyang'ana kunjira.

Anthu anabweradi, koma kudzaona. Che Bwanali, oyandikana nafe, ankafuula ali panjinga: "Che Amidu, mwatsegula sitolo? Tandipimirani shuga!"

"Shuga watha," bambo ankayankha, akumwetulira ndi milomo yokha.

M'mawa uliwonse ankavala mkanjo woyera, tepi yoyezera ili m'khosi, n'kukhala pa makina. Ankawathira mafuta ndi kuwapukuta ngakhale sanali kusoka kanthu. Ramazani inafika pakati atangosoka chigamba cha kabudula wanga wa kusukulu. Tsiku lina ndinawamva akufunsa munthu wodutsa ngati akudziwa wina wofuna makina.

Amayi ankagulitsa zitumbuwa pafupi ndi msika, ndipo sanali munthu wolankhula pamene amuna awo asankha chochita. Koma madzulo ena titangomasula kusala, anaika pansi kapu yawo ya phala.

"Bambo a Yusufu, lero ndaona Abiti Saidi akutuluka m'sitolo ndi nsalu za ana awo. Anaima pakhonde paja, kuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wosokera. Kenaka anaika nsalu m'dengu n'kumapita. Amafuna inu, osati thabwa lanulo. Koma munthu wosala kudya, ndi dzuwa limeneli, angawoloke dambo chifukwa cha diresi?"

Bambo anamaliza phala lawo n'kupita kumzikiti.

Kutacha ndinawapeza akuzula chikwangwani chija. Ndinkaganiza kuti achiwaza. M'malo mwake anachitembenuza, anapala kumbuyo kwake mpaka kunasalala, n'kukhomera miyendo inayi. Chinasanduka tebulo lodulirapo nsalu, zilembo zobiriwira zija zitayang'ana pansi.

"Nyamula, Yusufu," anatero. "Tinachipititsa kolakwika."

Tinawolokanso dambo lija, phewa langa lisanapole. Ulendo wachiwiri tinatenga makina. Bambo anakhazika zonse pansi pa mtengo wa mango, kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi khomo la sitolo. Dzuwa lisanafike pamutu, Abiti Saidi anatulukira ndi dengu lawo.

"Che Amidu, munakabisala kuti? Mukufuna ana anga akadye Idi ndi nsanza?"

"Abweretseni ndiwayeze," anatero bambo, akutambasula nsalu ija patebulo.

Makina sanagulitsidwe. Mvula itayandikira tinamanga kachisakasa ka udzu pamalopo, ndipo bambo anasoka pomwepo mpaka maso awo atafooka. Anthu anapitiriza kunena kuti akupita pa Mwatipeza, ndipo nthawi zambiri sunkadziwa ngati akunena sitolo kapena mtengo wa mango.

Mwezi wathawu ndinalowa m'sitolo ya ku Balaka ija. M'kati munali mozizira, katundu woyalidwa bwino, koma nsalu sagulitsamo. Ndinafunsa mtsikana wolandira ndalama ngati akudziwa kumene dzinali linachokera.

"Akuti ndi lakale, bambo. Akuti anthu amalikonda."

Potuluka ndinapeza mlonda akuuza mayi wogulitsa nthochi kuti achoke pakhomo.

Eni sitoloyo sindikuwaseka. Bambo anga, amene anali munthu woganiza, nawonso anakhulupirira kuti dzina limakoka anthu, ndipo analinyamula paphewa mpaka kutsidya kwa dambo. Ine zanditengera zaka zambiri kuti ndimvetse zimene amayi anaona tsiku limodzi pamsika. Chimene tinkachitcha Mwatipeza chinali khonde lija, pamene munthu ankatuluka ndi nsalu yake n'kupeza wina womudziwa akumudikira. Zilembo zobiriwira zingabwerere, koma khonde silinabwerere.

Tebulo lija likadalipo kwa mlongo wanga ku Nsanama. Amasankhirapo mpunga. Ukafuna kuwerenga dzina lija, uyenera kugwada n'kusuzumira pansi.