Chifunga cha pa tabuleti

Zinayamba mu Meyi, kuzizira kutangolowa. Ndikayang'ana galasi la tabuleti ndinkaona ngati pali chifunga. Ndinkalavulirapo n'kupukuta ndi malaya, chifunga chili pompo.

Kwathu ku Ekwendeni ndinali wojambula zikwangwani. Mitu ija ya pa mababashopu, dzanja lake ndi lomweli. Kuno ku Cape Town ndimadula udzu ku Table View, koma amayi a kutchalitchi kwathu atafuna chitenje chawochawo, anakumbukira ine nkhalamba. Mtsogoleri wawo, Mayi Gondwe, anati chithunzi chikafike kwa osindikiza nsalu ku Montague Gardens Ogasiti asanathe, apo ayi ntchito apereka kukampani. Ine kulandidwa ntchito anthu akuona?

Ndinayamba ndi pensulo papepala: amayi atatu atanyamula Baibulo, phiri lathyathyathya lija la kuno ku Cape Town kumbuyo. Mwana wanga Tiwonge anajambula pepalalo ndi tabuleti yake, n'kundiphunzitsa kulondola mizere ndi cholembera chopanda inki. Mizere pa tsamba lake, mitundu pa tsamba lina, kenako n'kusanjikiza. Ukalakwitsa umangogogoda ndi zala ziwiri, cholakwa chapita. Zaka zonse zija ndinkavutikiranji kufufuta penti ndi thinala?

Mizere inatheka. Mavuto anabuka pa mitundu. Mabulauzi oyera ankaoneka achikasu ngati mano a wosuta chingambwe, ndiye ndinkangowonjezera buluu mpaka ayere. Kawiri konse ndinapita nayo tabuleti kusitolo kukakalipa. Tiwonge akati tiyeni kuchipatala, ine ndinkati maso amene anakongoletsa Ekwendeni yense salakwa.

Mu Juni ndinameta maluwa a abwana ndi makina a udzu, osawaona n'komwe. Apo ndiye ndinagonja.

Kukiliniki ndinakhala pamzere mpaka msana kuuma. Nesi ananditseka diso limodzi n'kuloza zilembo pakhoma. Ndinawerenga chachikulu chokha, zinazo ndinapeka.

"Tata, simukuwerenga, mukulosera," anatero.

Anandipatsa kalata ya kuchipatala chachikulu. Kumeneko mzere wina, mankhwala odonthetsa m'maso, kudikiranso. Dokotala anati ndi ng'ala, maso onse awiri, koma lamanja ndiye yakhwima. Anandilemba pa mndandanda wa opaleshoni. Masabata anapita, Mayi Gondwe akundifunsa Lamulungu lililonse, ine ndikungoti chatsala pang'ono. Mwamwayi wina analephera kubwera pa tsiku lake, achipatala n'kundiimbira.

Opaleshoni inali yachidule, ndili maso. Anandimata diso n'kundiletsa kutikita, kunyamula zolemera, ngakhale kuwerama. Wodula udzu asawerame!

Atamatula mawa lake, ndinatsegula chithunzi changa. Mayo ine! Mabulauzi abuluu bii, nkhope za amayi ngati mabilinganya. Ndinamufunsa Tiwonge chifukwa chake sanandiuze.

"Ndinakuuzani kanayi, adadi. Munati ndilibe diso la luso."

Anandipulumutsa ndi masamba osanjikiza aja. Ndinataya tsamba la mitundu lokha, mizere inatsala yonse, n'kupakanso masiku atatu ndi diso limodzi latsopanolo. Chithunzi chinafika kwa osindikiza Ogasiti akutsanzika, ndipo chitenjecho amayi akuvala.

Lero lamanja limaona ngakhale nyerere. Lamanzere likudikira tsiku lake, ndipo ulendo uno sindikangana ndi munthu. Anzanga, mukaona chifunga chosachoka, pitani kuchipatala msanga. Ine ndinapukuta galasi mpaka malaya kuperepeseka, chonsecho linali loyera kale.