Wailesi Yoimba Pamaso pa Mboni

Kwa zaka makumi atatu ndi zinayi a Inki anagwira ntchito yosaka zolakwika m'nyumba yosindikiza mabuku. Tsamba lililonse lisanapite ku makina linkadutsa kaye patebulo pawo, pansi pa cholembera chofiira chimene chinawapatsa dzinalo. Anali munthu woti akalandira kalata ya m'bale wawo ankayamba aikonza kaye, kenako n'kumva zimene ikunena. Masiku ano ntchito imeneyo kulibe. Anaipereka kwa makompyuta, ndipo zotsatira zake mumaziona nokha pazikwangwani za m'misewu. Koma tisalowe m'zimenezo.

Atapuma pantchito, chimene anatsala nacho chinali galimoto. Anaigula kwa mwini kampani mwana wawo wamkazi asanabadwe. Inali ya nyali zobulungira ngati maso a kadzidzi, ndipo kutsogolo kwa chiwongolero kunali thabwa lenileni lopakidwa vanishi, osati mapulasitiki a lerowa. Mdani wawo wamkulu linali dzimbiri. Chaka chilichonse mvula isanayambe ankamasula mipando yonse n'kupaka penti pansi ponse, pazitsulo, pamabawuti, mpaka m'mabowo a mabawutiwo. Akazi awo ankati imeneyo si galimoto, ndi chitini cha penti chokhala ndi matayala.

Wailesi yake yoyamba inafa kalekale, ndipo a Inki sanadandaule nazo. Koma atakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu, mwana wawo uja, amene tsopano ndi namwino, anabwera ndi mwamuna wake atanyamula katoni. Mkamwiniyo amagulitsa mafoni m'tauni, ndipo monga onse ogulitsa mafoni, amakhulupirira kuti chilichonse chokhala ndi waya amachidziwa.

"Bambo, ola limodzi lokha, muzimva nyimbo ngati muli m'holo," anatero mkamwini, akupinda manja a malaya.

"Ikani. Koma mumve bwino. Osaboola, osakanda penti. Ndikapeza kachipsera kamodzi, wailesi yanuyo muitenga."

Ola limodzi lija linakhala maola anayi. Pomaliza mkamwini anakhala pampando wa kumanzere, a Inki kuchiwongolero, n'kudina batani. Wailesi inayaka, inaimba, akazi awo anaomba m'manja pakhonde.

Mawa lake a Inki anatulutsa galimoto okha kupita kukagula nyuzi. Anadina batani. Zii. Anadinanso. Palibe ngakhale kuwala. Anazimitsa injini, kuilizanso, kumenya thabwa ndi chikhatho. Zii.

Anaimbira mkamwini. Iye anafika masana, analowa, anakhala pansi, n'kudina batani lomwelo. Wailesi inaimba ngati sinayambe yadwalapo.

"Mumadina pati, bambo?"

"Pomwepo."

"Apa?"

"Ndati pomwepo! Mukuganiza kuti munthu wowerenga mabuku zaka makumi atatu angalephere kuwerenga batani limodzi?"

"Ayi, sindinatero. Kungoti zinthu zatsopanozi zimafuna kuzolowera."

Mawu amenewo a Inki anawasunga, monga amasungira mawu onse.

Sabata imeneyo inawazunguza mutu. Lachiwiri ali okha, wailesi inakana. Lachitatu anatenga akazi awo kupita nawo kumsika, inaimba njira yonse. Lachinayi anasintha fiyuzi, anapukuta mitu ya batire ndi sandipepa, anayesa: zii. Anathamangira m'nyumba kukaitana mayi kuti adzaone ndi maso awo. Mayi anabwera akupukuta manja, analowa, anakhala, ndipo wailesi inayamba kulengeza za nyengo.

"Ndiye mwandiitanira chiyani, abambo? Kuti ndimve za mvula?"

"Inali itafa! Panopa pomwe!"

"Ikandiona ine imadzuka? Ndiye ili ndi ulemu kuposa eni ake."

Anawerenga kabuku kamene kanabwera ndi wailesiyo kuyambira pachikuto mpaka kumapeto. Anapezamo zolakwika khumi ndi zinayi za kalembedwe, n'kuzizungulira ndi inki yofiira, koma za wailesi yoopa kuimbira munthu mmodzi munalibe. Anapita nayo kwa amakaniko. Makaniko analowa, anakhala, anadina, inaimba, n'kuwayang'ana a Inki ndi diso lija achinyamata amayang'anira nalo imvi.

Nkhani inafika kwa mwana wawo. Tsoka lake, mwezi womwewo a Inki anali ataiwala ketulo pamoto mpaka kupserera, ndipo tsiku lina anafunafuna magalasi nyumba yonse ali nawo pamphumi. Ndani sanachitepo zimenezo? Koma munthu ukakalamba, cholakwa chilichonse chimasanduka umboni. Lachisanu namwinoyo anabwera ali mu yunifomu, n'kukhala moyang'anizana nawo, manja pamaondo, monga amachitira ndi odwala.

"Adadi, sindikufuna tikangane. Anthu anayi aiona wailesi ikuimba. Inu nokha mukuti siimba."

"Chifukwa siimba."

"Lero ndi batani. Mawa ndi mabuleki. Lamulungu ndibwera kudzatenga makiyi, Lolemba tikaonane ndi dokotala. Akanena kuti zonse zili bwino, ndikubwezerani."

"Ndinakuphunzitsa kuyendetsa ndi galimoto yomweyo, iwe. Unagunda nayo geti kawiri."

"Ndikukumbukira, adadi."

"Nanenso ndikukumbukira. Ndiye wamisala ndani?"

Anayankha mwaukali, koma mwana atapita anayamba kudzikayikira. Analowa m'garaja, n'kukhala kuchiwongolero. Anadina batani. Zii. Anayang'ana chala chawo nthawi yaitali. Kodi chikudinadi? Kodi mwina wailesi ikuimba, makutu ndiye akukana? Koma nanga bwanji siwala? Kapena ikuwala? Munthu amene moyo wake wonse ankauza anzake kuti apa mwalakwa, tsiku limenelo sanathenso kulumbira kuti chimene akuona n'chimene chilipo. Makiyi aja sanali a galimoto yokha. Amadziwa mmene zimayendera. Akatenga makiyi, kenako amakuwerengera mapilitsi, kenako amayamba kukukambirana uli pomwepo ngati mpando.

Loweruka m'mawa anachita chinthu chokhacho chimene ankachidziwa. Anatenga pepala n'kulemba ulendo uliwonse umene anadina batanilo: tsiku, malo, nyengo, injini ikulira kapena ayi, amene analipo, ndi zimene wailesi inachita. Mizere inakwana makumi awiri ndi umodzi. Anaiwerenga katatu osapezamo kanthu. Kuntchito kuja lamulo linali lakuti tsamba lovuta saliwerenga munthu mmodzi. Wina amawerenga mokweza, wina akutsatira ndi cholembera, ndipo amayambira pansi kukwera m'mwamba, kuti nkhani isanyenge diso. Anapita kukhitchini.

"Mayi, tabwerani mundiwerengere."

"Zaka zonsezi simunandiloleko kugwira pepala lanu."

"Lero ndalola. Muyambire pansi."

Anapita m'garaja. Mayi anaima pakhomo la galimoto atavala magalasi, n'kuyamba.

"Lachisanu, m'garaja, ndekha, sinaimbe. Lachinayi, kwa amakaniko, makaniko, inaimba. Lachinayi, panjira, ndekha, sinaimbe. Lachinayi, pakhomo, mayi, inaimba." Anaima. "Abambo, apa palibe chobisika. Wailesi yanuyi sikufunani."

"Pitirizani."

"Lachitatu, kwa amafuta, ndekha, sinaimbe." Anatsitsa pepala. "Koma apa mwanama. Simunali nokha. Suja munati wothira mafuta uja anasuzumira pawindo n'kudina yekha?"

A Inki anakweza mutu. Zinalidi choncho. Wothira mafutayo anadina, wailesi sinaimbe, iye n'kunena kuti pepani madala, n'kupita kwa kasitomala wina. Mboni inalipo. Nanga inasiyana bwanji ndi mboni zinazo?

"Anali panja," anatero pang'onopang'ono. "Sanakhale pansi. Mayi, takhalani."

"Ndikhale pati?"

"Pamalo panu."

Mayi anakhala. A Inki anadina batani, wailesi inaimba.

"Dzukani."

Mayi anadzuka. Nyimbo inaduka pakati pa mawu, kuwala konse kunazima.

"Khalani."

Inayaka.

"Dzukani."

"Abambo inu, maondo anga si a wailesi!"

Koma anadzuka, ndipo kunali zii. Awiriwo anayang'anizana kukamwa kuli yasa. Kenako a Inki anagwada, zimene sanachite kwa miyezi, n'kuunika ndi tochi pansi pa mpando. Kunali waya wakuda, wochokera kuwailesi, wodutsa pansi pa kapeti, womangidwa pabawuti ya mwendo wa mpando. Waya wakudayo ndi uja amayenera kukhudza chitsulo cha galimoto kuti magetsi abwerere kubatire. M'galimoto za lero amaumanga kuseri kwa wailesi, koma muno kumeneko kunali thabwa, ndiye mkamwini anasaka bawuti yapafupi. Bawutiyo inali itamira mu penti ya zaka makumi anayi. Munthu akakhala pampando, kulemera kwake kunkapanikiza wayayo mpaka kukhudza kam'mphepete ka chitsulo. Akadzuka, penti inkalekanitsanso.

"Mbuli!" anakuwa a Inki ali chogwada. "Waya wa magetsi kuumanga pa penti! Anaphunzira kuti?"

"Nanga anati osakanda penti ndani?"

 A Inki anapempha mayi kuti awagwire dzanja adzuke.

Sanakonze tsiku limenelo. Cholakwika sachifufuta mwini wake asanachione. Limenelonso linali lamulo la kuntchito. Lamulungu mwana ndi mwamuna wake atafika, a Inki anawatsogolera kugaraja osawapatsa ngakhale madzi.

"Iwe, khala apo. Dina. Yaimba? Dzuka."

Namwinoyo anadzuka, nyimbo inazima. Anakhala, inabwerera. Anachita zimenezo kanayi, kachinayiko mosauzidwa. Mkamwini anasuzumira pansi pa mpando n'kudzuka akukanda m'mutu.

"Bambo, ndimafuna kupala pang'ono pamenepo, koma munati…"

"Ndikudziwa zimene ndinanena. Mutu wanga ukugwira."

"Wamisala anaona nkhondo," anatero mayi pakhomo, osaloza munthu aliyense.

Mwana uja anaima, dzanja lili pachitseko cha galimoto. "Adadi, pepani. Koma za ketulo zija…"

"Ketulo ndinaiwaladi. Kwa dokotala ndipita. Koma ndipita ndikuyendetsa ndekha, ndipo iwe ukhala kumbuyo."

Namwinoyo anabweza dzanja lake limene linali litakonzekera kulandira makiyi, n'kuliika m'thumba.

Mkamwini anatenga sandipepa kuti amalize ntchito. A Inki anamulanda. Ngati penti imeneyo inayenera kuvulazidwa, sakanalola mlendo. Anagwada, anamasula bawuti, n'kuyamba kupala. Pansi pa penti yakuda panatuluka yotuwa, pansi pa yotuwa yofiirira ya chaka chimene yakuda inasowa m'masitolo, ndipo pansi penipeni chitsulo choyera, chopanda ndi kadontho komwe ka dzimbiri. Anaitana onse kuti adzachione. Malo amene anapala anali ochepa ngati chikhadabo, koma anadandaula nawo mpaka nthawi ya chakudya.

Lolemba m'mawa anachotsa makiyi pamsomali pawo, analowa m'galimoto okha, n'kudina batani. Wailesi inaimba, mpando wa kumanzere uli wopanda munthu. Anamvetsera kwa mphindi ziwiri. Woulutsa mawu anali mnyamata wolankhula ngati akuthamangitsidwa, ndipo m'chiganizo chimodzi analakwitsa kawiri. A Inki anazimitsa, n'kuimba hutala kuti mwana wawo afulumire.