Bondo la Fanizo Zuze

Pa msika wa Bangula mukafunsa za Fanizo Zuze, anthu ayang'anana n'kukuuzani kuti mwina munthuyo ndi wa kutsidya. Koma mukangotchula kuti a Makani, ngakhale mayi wogulitsa mlamba wouma akulozerani ndi mlomo pansi pa mtengo wa nimu, pomwe bambo wina wamtali, wa imvi zapatalipatali, amasoka nsapato. Ameneyo ndiye Fanizo. Dzina lakuti Makani si la ubatizo, ndiponso si la makolo ake. Adalitola m'sewero, ndipo lidamukakamira ngati chisoso pa buluku.

Zidayamba ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. Bungwe lina lidabwera kudzaphunzitsa anthu za kolera, koma anthu sadasonkhane. Ndani angasiye thonje lake m'munda kuti akamve za chimbudzi? Abungwe aja adapeza achinyamata asanu ndi mmodzi kuti apange sewero lokopa anthu, ndipo Fanizo adamupatsa mbali ya bambo wokana kukumba chimbudzi. Adaunjika nsanza pamimba, adavala jekete long'ambika ndi jombo imodzi, adadzola phulusa kumutu. Atafika poti kolera yamugwira, adapinda bondo lamanzere, adatembenuza maso, n'kugwa chamatako pa fumbi. Msika wonse udaseka mpaka kugwira nthiti.

Kuyambira pamenepo Makani sadapume. Kolera itapita kudabwera edzi, abungwe atatopa ndi edzi adabwera ndi maukwati a ana, kenaka madzi atasesa Makhanga ndi Chiromo nkhani idali yosamukira kumtunda. Mabungwe ankasintha mayina ndi mitundu ya magalimoto, koma onse ankafuna chitsiru chimodzi chokana malangizo kuti pamapeto chigwe. Makani adakana neti ya udzudzu, adakana katemera, adakana kusamuka. Kwa zaka makumi awiri adagwa m'misika yonse kuyambira ku Nchalo mpaka ku Marka.

Sewero la kwathu kuno silikhala ndi pepala. Bwana wa bungwe amangotchula mutu, gulu limakambirana theka la ola pansi pa mtengo, ng'oma n'kulira. Ntchito yake ndi imodzi: kugwira anthu kuti asachoke mpaka bwanayo atatenga chimkuzamawu n'kunena zake. Pabwalo palibe chitseko, palibe mpando. Munthu akatopa amangokwera njinga yake. Choncho Fanizo adaphunzira kuwerenga khamu ndi makutu. Anthu akamaseka, akamatukwana, akamamuyankha kuti "iwe Makani, udzafa," ndiye kuti alipo. Pakangoti zii, ngakhale atawafulatira, ankadziwa kuti akumbuyo ayamba kubalalika ndipo bwana wayamba kuyang'ana wotchi. Mankhwala ake adali bondo lija. Akangolipinda, omwe achoka ankabwerera akuthamanga.

Zimenezi n'zosangalatsa kwa oonera. Kwa mwini wake idali ndende yopanda mpanda. Mayi ake atamwalira, Fanizo monga mwana woyamba adaima pamanda kuti athokoze anthu m'malo mwa banja. Adangotsokomola pang'ono kuti ayambe, wina kumbuyo adaphulika ndi kuseka. Miyendo yake inkanjenjemera ndi chisoni, ndipo amayi ena ataona bondo likugwedera adabisa pakamwa ndi zitenje. Mkulu wina adamugwira pamkono mwaulemu n'kumukhazika pansi, mng'ono wake n'kumaliza mawuwo. Kutchalitchi adamuchotsa pa owerenga mawu chifukwa anthu ankamwetulira pa malo osayenera. Pa unkhoswe wa mwana wa mlongo wake abale adatuma wina m'malo mwake. Adayesa kusiya masewero miyezi itatu, koma anzake a m'gulu adabwera kudzamugwira mwendo kuti popanda iye anthu sakuima, ndipo obweretsa nsapato nawo ankati asanawapatse nsapatoyo ayambe wagwa kaye.

Chomwe chinkamupweteka koposa chidali mwana wake Jesinta. Kusukulu ankamutcha mwana wa Makani, ndipo anyamata ankadzigwetsa chamatako iye akamadutsa. Ali folomu thu adapempha mayi ake, a Elube, kuti awauze bambowo asamabwere kusukuluko. Atamaliza adapita ku Blantyre, n'kupeza ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Limbe. Akaimba foni ankacheza ndi mayi ake mpaka mayunitsi kutha, bambo ake n'kungowapatsira moni. Fanizo sadamudzudzulepo. Ankafuna chinthu chimodzi chokha asanafe, kuti mwanayo adzamuone ataima pamaso pa anthu, akulankhula, popanda woseka.

Mwayi udabwera ndi Clotilda, mayi wa ku Ndamera yemwe adaphunzira za zisudzo ndipo ankalemba masewero ku Blantyre. Tsiku lina adapezeka pa msika gulu la Fanizo likusewera. Sewero litatha adamutsatira kumjigo, komwe adamupeza akusukusula phulusa, nsanza zili pambali, nkhope ili ya munthu wotopa ndi moyo. Adamuuza kuti walemba sewero la bambo wina, Symon, yemwe mwana wake adapita ndi madzi a Ruo, ndipo anyamata a m'tauni omwe adawayesa ankalira ngati a pa wailesi.

"Ine sindikufuna Makani," adatero Clotilda. "Ndikufuna inuyo, ndi nkhope imene muli nayoyi."

"Osagwa?"

"Ngakhale kamodzi."

"Takhuta, mai," adathokoza Fanizo m'chiyankhulo cha kwawo, mawu ali pansipansi.

Adakwera minibasi m'mwezi wa Juni, jekete la ukwati lili m'jumbo. Pa mapiri a Thabwa makutu adatseka, ndipo pofika ku Blantyre mphepo idamulowa m'mafupa. Mzindawo udali ndi zosangalatsa pa khoma lililonse. Apa pepala la oimba a chipembedzo okhazikitsa chimbale, apo la bandi yoimba pa malo omwera, apo la atsikana ovina, ndipo Clotilda adamuonetsa nyumba ya kanema momwe anthu amakhala pa mipando ya wofuwofu n'kumadya chimanga chokazinga chophulika. Pakati pa zonsezo padali kapepala kakang'ono ka sewero lawo, Loweruka ndi Lamlungu masana. Adapeza dzina lake pamzere wachiwiri, Fanizo Zuze, lolembedwa bwinobwino. Adaliwerenga katatu, kenaka adaimbira Jesinta kumupempha kuti adzabwere. Mwanayo adazengereza, koma adavomera.

Adakonzekera milungu itatu m'kalasi la tchalitchi china ku Chilobwe. Mawu adawaloweza onse ngakhale sukulu adalekezera sitandade seveni. Anzake a m'tauni, makamaka Howard, mnyamata wa pa koleji yemwe ankasewera mbali ya mfumu, poyamba ankamuderera, koma ataona mmene ankagwirira khasu ndi mmene ankayendera ngati munthu woponda matope adasiya. Pachimake pa sewerolo Symon amabwerera pomwe padali nyumba yake, amafukula mchenga n'kupeza kambale ka pulasitiki ka mwana wake. Clotilda adalamula kuti pamenepo Fanizo aimirire, kambale kali m'manja, awerenge chamumtima mpaka makumi awiri osanena kanthu, kenaka atchule dzina la mwanayo kamodzi kokha. M'kalasimo zidayenda bwino tsiku lililonse. Chete wa m'chipinda chopanda anthu saopsa munthu, ndipo palibe yemwe adaganiza zomufunsa Fanizo ngati adaseweraponso m'nyumba.

Loweruka lidafika. Holo idali ndi makatani akuda otchinga dzuwa, ndipo magetsi a oonera atazima Fanizo adadzidzimuka. Nyali zowala zidamuthobwa m'maso. Kutsogolo kwake, komwe kumayenera kukhala nkhope, kudali mdima wokhawokha. Moyo wake wonse adasewera dzuwa likuswa mtengo, akuona mano a munthu aliyense. Apa sankadziwa ngakhale pomwe Jesinta wakhala.

Komabe adayamba bwino. Mawu ankatuluka okha, Howard ankamuyankha pa nthawi yake, ndipo pena ndi pena ankamva kung'ung'udza kochokera mumdimamo, mtima n'kukhala m'malo. Adafika pa mchenga uja. Adagwada, adafukula, adatulutsa kambale, adaimirira. Adayamba kuwerenga.

Pofika pa zisanu holo yonse idali zii. Pa zisanu ndi ziwiri mpando wina udalira. Pa zisanu ndi zinayi chitseko chakumbuyo chidatseguka pang'ono, kuwala kwa masana kudalowa, munthu mmodzi n'kutuluka foni ili kukhutu. Mutu unkamuuza kuti apitirize kuwerenga monga adagwirizana, koma makutu a zaka makumi awiri ankamuuza zina, kuti anthu atopa, akutuluka mmodzimmodzi, ndipo mwana wake atsala yekha m'holo yopanda anthu, akuonera bambo ake atangoti njo ndi kambale. Sadaganize n'komwe. Bondo lamanzere lidapindika, maso adatembenuka, ndipo Fanizo adagwa chamatako pa mchenga, kambale n'kugubuduka mpaka kumapazi a Howard.

Anthu a ku Blantyre nawonso ndi anthu. Mmodzi adaseka modabwa, wachiwiri n'kutsatira, kenaka holo yonse idaphulika chikhakhali, ena kuwomba m'manja. Kwa kamphindi kochepa thupi lake lidamva kukoma komwe lidazolowera. Kenaka adakumbukira kuti dzina la mwana wa Symon sadalitchule, ndipo lidali losatchulikanso. Sewero lidakwawa mpaka kumapeto anthu akudikira kuti agwenso.

Kuseri kwa makatani Clotilda sadakalipe, ndipo Fanizo adalakalaka akadakalipa. Adangomuuza kuti mawa Howard atenga mbali ya Symon, popeza mawu onse amawadziwa, ndipo ya mfumu apeza wina. Adawonjeza kuti mlandu ndi wake iye mwini, chifukwa akadayenera kumuyesa m'holomo poyamba. Fanizo adafuna kufotokoza za mpando ndi za chitseko, koma poziika m'mawu zidaoneka zazing'ono kwambiri. Panja bambo wina wonenepa adamugwira dzanja n'kumuuza kuti ali ndi luso, ndipo ngati angafune adzaseketse anthu pa phwando la kampani yawo. Jesinta adamudikira pageti. Adamupatsa moni mogwada pang'ono, adafunsa za mayi ake ndi za mapira a kumunda, n'kumuperekeza pokwerera minibasi ya ku Chilobwe. Za sewero sadatchule.

Akadatha kubwerera kwawo Lamlungu m'mawa, koma miyendo idamutengera kuholo komwe kuja. Adalowa magetsi atazima kale n'kukhala pa mzere womaliza, pafupi ndi chitseko. Patangopita nthawi pang'ono wina adakhala pambali pake, ndipo adazindikira kuti ndi Jesinta. Mwanayo adanong'ona kuti adaganiza kuti awapeza kuno.

Aka kadali koyamba m'moyo wake kuonera sewero atakhala pansi ngati mlendo. Howard adayesetsa, koma khasu ankaligwira ngati ndodo ya mbendera, ndipo kalankhulidwe kake ka kuchigwa kadali kongoyerekeza. Fanizo adaona zolakwika zonse ndipo mtima unkamuwawa, chifukwa ankadziwa kuti iye akadachita bwino kuposa pamenepo. Mnyamatayo adagwada, adafukula mchenga, adaimirira ndi kambale. Holo idati zii.

Adali chete yemwe uja wa dzulo, ndipo ngakhale atakhala pampando bondo la Fanizo lidayamba kunjenjemera. Adaligwira ndi manja onse awiri. Koma kuchokera kuno kumdima maso ake ankaona. Palibe yemwe ankadzuka. Mayi wa kutsogolo kwake adagwira pakamwa ndi chikhatho. Bambo wina adavula magalasi n'kumawapukuta popanda chifukwa. Mpando udalira chifukwa mtsikana wina adaweramira kutsogolo kuti aone bwino. Howard adangoima, mwana wa m'tauni yemwe sadaonepo Ruo atakwiya, ndipo anthu mazana awiri adamudikira mpaka adatchula dzina lija.

Jesinta sankayang'ana kutsogolo. Ankayang'ana manja a bambo ake pa bondo paja.

"Dzulo kudali chete kuposa apa, baba," adanong'ona. "Ine ndidali nditayamba kulira. Ndimafuna ndiwauze amene ndidakhala nawo pafupi kuti amenewo ndi bambo anga."

Fanizo adafunsa ngati adawauza.

Jesinta adapukusa mutu. "Ndimadikira kuti mumalize."