Mapazi a Efigénia

Kwathu ku Lifidzi, banja likamapita kumunda mwamuna amatsogola ndi khasu, mkazi n'kumabwera m'mbuyo ndi dengu. Palibe mfumu inalamula zimenezi, koma tayesani kusintha muone momwe makosi a anthu amatalikira. Mlamu wanga Efigénia anatsogola mwamuna wake kwa zaka makumi atatu, tsiku ndi tsiku, ndipo ife tinamunena kwa zaka zonsezo osatopa pakamwa.

Anakwatiwa ndi mlongo wanga Estêvão chaka chimene tinabwerera kuchokera ku Dedza, komwe mudzi wonse unathawira nkhondo. Estêvão yekha ndiye sanathawe nafe. Ankhondo anamugwira kudimba ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, n'kupita naye kutchire kukanyamula mfuti. Atabwerako, akuluakulu anamutengera kumtsinje, kumusambitsa mankhwala, kuwotcha zovala zake, n'kumulangiza kuti za kumeneko zatsala kumeneko, asadzazitchulenso. Tinafulula mowa, tinavina, n'kugwirizana kuti munthu wachira. Ife pa nkhani yochiritsa munthu ndi pakamwa sitichedwa ayi.

Efigénia sanali mkazi wa zambiri. Anali wamfupi, wa phazi lalikulu, mlimi wa kachewere ndi nyemba. Mu kwaya ankaimba mosemphana ndi anzake koma osajomba. Ana anabereka anayi, ndipo onse anakula n'kupita kutauni. Chachilendo pa iye chinali mayendedwe basi. Akatuluka m'nyumba ankayenda pang'onopang'ono, akudinda chidendene m'dothi, osapatuka ngakhale m'njira muli matope. Estêvão ankabwera m'mbuyo atazyolika, akuika phazi lake pomwe pachoka la mkazi wake. Kumunda chimodzimodzi: mkazi adutse kaye mumzere, kenako mwamuna alime, ndipo ankalima ngati anthu awiri. Pa tala kapena pa simenti pokha m'pamene ankayenda ngati wina aliyense.

Ndiye mudzi wa anthu anzeru ngati wathuwu ukanalephera kupeza yankho? Tinati mkaziyu anamudyetsa khuzumule, mankhwala aja opusitsa mwamuna kuti azingotsata mkazi ngati mwana wa mbuzi. Amene anayamba kutchula liwu limeneli ndine. Ndinafika mpaka pothira mankhwala osanzitsa m'thobwa la mlongo wanga. Anasanza masiku awiri, lachitatu n'kudzuka kukaponda m'mapazi a mkazi wake monga mwa nthawi zonse. Efigénia anadziwa kuti ndine. Sanandifunse kanthu, m'malo mwake anandibweretsera mbewu ya kachewere chifukwa yanga inali itaola. Zimenezo zinandiwawa kuposa kutukwanidwa, ndipo ndinamuda kwambiri.

Chaka chathachi anatuluka kachilonda pachala cha kuphazi lamanzere. Kanakana kupola. Anamwino anamuuza kuti ali ndi shuga, apite ku chipatala chachikulu ku Tete, ndipo akakhalitsako. Iye anazengereza miyezi itatu, phazi likutupa. Ife tinkati akuopa kusiya nyama yake ingamasuke pamsampha. Zoona zake zinali zoti iye akachoka, Estêvão sakanatha kufika kumunda, kuchitsime, ngakhale kuchimbudzi. Efigénia ankafuna munthu woti amusiyire njira, ndipo m'mudzi monse munalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa chifukwa chake.

Nthawi yomweyo kutchalitchi analengeza kuti kukubwera mlangizi wochokera ku Ulongwe, a Dona Célia, wothandiza anthu amene nkhondo inawavulaza maganizo, ndipo pamsonkhanopo padzakhala mabisiketi aja timati mabolasha, ndi zakumwa za m'botolo. Mvula ikagwa kumachuluka zoliralira. Mudzi umene unathawa wonse, ndi nkhuku zomwe, unapezeka kuti uli ndi asilikali akale oposa makumi awiri. A Artur, amene nkhondo yonse anaimenya akugulitsa kaunjika pamsika wa Dedza, anasankhidwa kukhala perezidenti wa gululo. Anayamba kuyenda motsimphina, koma ankaiwala mwendo wotsimphinira.

Tsiku la msonkhano, ife amayi tinachita zimene timachitira mlendo wolemekezeka. Tinasesa bwalo lonse la tchalitchi, kuwaza madzi, kusesanso, mpaka osatsala ngakhale phazi la nkhuku. Alendo ndi akuluakulu a gululo anazungulira pakhonde la simenti kuti asatiwonongere ntchito. Efigénia anafika akukoka phazi lake lomanga nsanza, mwamuna ali m'mbuyo. Pakhomo la mpanda a Artur anamutsekereza ndi dzanja.

"Amayi mutsale panja. Muno ndi mwa ife amene tinaona moto."

Efigénia anapatuka. Estêvão anatsala yekha, zala zakumapazi zili m'malire mwa dothi losesalo. Anayang'ana pansi, thukuta n'kuyamba kutsika. Wina anati chingwe chathera pamenepo, ndipo tonse tinafa nacho chikhakhali. Inenso ndinaseka, mlongo wake wa bere limodzi.

A Dona Célia anatuluka kudzaona chimene chikuseketsa anthu. Anali mtsikana ndithu, wosaposa ana anga, ndipo ine ndinali nditawapeputsa kale. Anamuyang'ana Estêvão, n'kuyang'ana pomwe maso ake anali. Anayenda kudutsa bwalo lathu lokongolalo mpaka kumpanda, n'kukhala pamwala pafupi ndi awiriwo. Chimene ife tinalephera kuona zaka makumi atatu, mlendo anachiona asanamwe ndi madzi omwe.

Pamenepo Efigénia anayankhula, mokweza kuti tonse timve.

"Bambo awa sanadye kanthu kwa ine. Kutchire ankayenda mondondozana chifukwa cha mamina, mabomba aja okwirira m'dothi. Wotsogola akaponda, wam'mbuyo aponde pomwepo. Otchera akakwirira ankasesa pamwamba kuti pasaoneke. Tsiku lina inali nthawi yawo yotsogola, koma anali ndi minga kuphazi, ndiye anasinthana ndi mnzawo António. António sanayende ndi mapazi khumi omwe. Anandiuza kamodzi kokha tisanakwatirane, ine n'kulonjeza kusunga. Lero ndaulula chifukwa ndikupita ku Tete. Ndikupempha munthu mmodzi yekha woti aziwatsogolera."

Mukuganiza kuti tinachita nawo manyazi? Akuluakulu anakwiya kuti mkazi wafukula zimene zinasambidwa kumtsinje, akuti wadzutsa zogona. Ena anadandaula kuti zakumwa zikutentha. Ine ndekha ndinamva ngati wina wandithira madzi ozizira kumsana.

A Dona Célia anafotokoza kuti amenewa ndi matenda ngati ena onse, ndipo amapola pang'onopang'ono. Pamafunika munthu wokhulupirika woyenda naye tsiku lililonse, poyamba patsogolo, kenako pambali, mpaka tsiku lina adzaponde yekha. Analonjeza kuti azibwera mwezi ndi mwezi. Anabweradi kawiri, n'kumakhala ndi Estêvão pakhonde nthawi yaitali, koma kenako mvula inadula msewu, mota yawo, njinga yamoto ija, n'kusowanso mafuta a gazolina. Sindiwanena iwowo. Ntchito anatisiyira ife, ndipo ife tinaigwira mwa chikhalidwe chathu.

A Artur anadzipereka okha, dzanja lili pachifuwa, akuti msilikali sataya mnzake. Anamutsogolera masiku awiri. Tsiku lachitatu anabwera atalawa kachasu, ndipo pofuna kusangalatsa anzawo amene ankaonerera, anadumphira m'mbali mwa njira n'kukuwa kuti, "Phuu!" Estêvão anadzigwetsa chafufumimba. Anabwerera kunyumba chokwawa, munthu wa imvi, anthu akugwira nthiti. A Artur mpaka lero amati kunali kungocheza.

Kenako ndinayesa ine. Ananditsata mpaka pakhola. Pamenepo ndinapatukira paudzu polewa ndowe, osaganiza n'komwe. Nditacheuka ndinamuona ataima chilili. Anandiuza motsitsa kuti, "Achemwali, bwererani momwe mwadzeramo." Sanavomerenso kutuluka nane. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti mlamu wanga anaponda ndowe, minga ndi matope zaka zonsezi osapatuka ngakhale kamodzi.

Efigénia anakwera shapa, minibasi yopita ku Tete, mu Januwale, phazi litayamba kuda. Masiku omaliza asananyamuke anathera akusenza miyala yaphanthiphanthi n'kumaiyala kuchokera pakhonde kukafika kuchimbudzi. Kwa miyezi iwiri dziko lonse la Estêvão linali khonde ndi miyala imeneyo. Chimanga chinamira m'udzu, nyemba zinaolera m'munda iye akuziona chapatali. Ine ndinkamupititsira chakudya ndi madzi. Sankandikalipira, sankandithokoza, ankangofunsa ngati kwabwera uthenga.

Mu Malichi mwana wawo wamkulu Jacinto anabwera nawo amayi ake pangolo. Anawatsitsa pakhonde pomwe, n'kuwapatsa ndodo ziwiri. Mwendo wamanzere unathera m'munsi mwa bondo. Estêvão anaimirira, n'kuyang'ana pomwe chitenje chinali kulendewera popanda kanthu. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Amake Jacinto, mwaponda pati?"

"Sindinaponde paliponse, bambo. Ndi shuga. Madotolo ndiwo adula."

Iye anagwedeza mutu ngati wamva, koma ine ndinaona kuti sanamve. Kwa iye, munthu wachiwiri anali atamupondera pamalo pake. Ndinalira pamenepo, ndipo sindinalirepo chonchija ngakhale pamaliro a amayi athu.

M'mawa mwake Efigénia ananena kuti akufuna akaone chimene chatsala kumunda. Anatenga ndodo zake, koma Estêvão anamugwira paphewa n'kumukhazika pansi. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mpeni wosendera kachewere. Anatsika pakhonde, kugwada padothi, n'kuyamba kuzika mpeniwo chopendeka, pang'onopang'ono, kamalo ndi kamalo. Akatsimikiza kuti palibe bomba ankasuntha bondo limodzi. Mpeni unamupulumuka kangapo, malaya onse atanyowa ndi thukuta.

Anthu anasonkhana, poti kwathu zaulere siziphonyedwa. Wina anayamba kukhosomola kofuna kuseka. Ndinamuyang'ana, ndipo chifuwacho chinapola pomwepo.

Dzuwa linafika pamutu iye atangofika pamtengo wa pichesi, mtunda umene mwana amathamanga osapuma. Kumunda kunali kukadali kutali. Anadzuka, mawondo ali matope okhaokha, n'kutembenukira kukhonde.

"Bwerani, amake Jacinto. Mpaka pano m'pabwino. Mudzere momwe ndadzera inemu."

Efigénia sanamuuze kuti m'njiramo mulibe kanthu. Anakoka ndodo zake, n'kuyamba kuziika mosamala m'maenje a mawondo a mwamuna wake.