Tsiku limene malume anatchula matenda a amayi

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pasimenti. Amayi a chigwirizano anali ataimba mpaka kusasa mawu, ndipo panja amuna ankasinza mozungulira chitsa cha moto, m'chisanu cha Juni. Pampopi, kuseri kwa nyumba yathu ku Chelstone, ndinapeza mayi anga aang'ono akuchapa chitenje mobisa. Madzi ake anali ofiira, chonsecho iwo anasiya kupita kumwezi kalekale. Ndinachita mantha. Amayi, amene tinkawaika tsiku limenelo, anayamba chimodzimodzi, ndipo pofika ku Lusaka kuchokera ku Katete, khansa ya khomo la chiberekero inali itafalikira kale.

Ndinatunga madzi n'kuchokapo. Mayi aang'onowo ndinali nditawachonderera kale kuti akapimitse, iwo n'kundiyankha kuti kwathu kulibe khansa, ndi matenda a anthu a m'tauni odya nkhuku za m'firiji.

Dzuwa litatuluka, utsi unadzaza pabwalo, akazi akuduladula kabichi wa kumsika wa Soweto. Maminibasi ankangotsitsa anthu. Anzanga a kuntchito, a ku Woodlands ndi Kabwata, ankanong'onezana za achibale awo amene anapimitsa msanga n'kuchira. A kumudzi ankatchula akazi amene anangouma n'kumwalira, onsewo ati olodzedwa. Ine ndinkangodutsa pakati ndi ndowa ya madzi.

Asanamwalire, amayi anapempha kuti pofotokoza mbiri yawo m'tchalitchi, matendawo atchulidwe ndi dzina. Wofotokoza anali malume, mlongo wawo, ndipo anali atandikanira kwamtuwagalu. "Iwe mwana, vinthu va azimai sitikamba pa guwa."

M'tchalitchi anayamba monga amayambira onse, kuti malemu anadwala nthawi yaitali. Kenaka anaima, n'kuyang'anitsitsa bokosi.

"Inali khansa ya chibelekelo," anatero. "Kulibe anamulodza mlongosi wanga. Anachedwa chabe kupimisa, chifukwa kwathu sitinali kuziba."

Mayi aang'ono, amene anakhala pambali panga, anandigwira dzanja molimba mpaka zala kuwawa.

Tinapita kumanda pamdipiti wautali, mphepo ikutithira fumbi m'maso. Anyamata anakwirira, ife tinaika nkhata za maluwa, n'kubwerera kudzasamba m'manja pageti.

Madzulo tenti inapasulidwa, mipando yobwereka inabwezedwa, basi ya a ku Katete inanyamuka. Pabwalo panatsala phulusa lokha. Nditalowa m'chipinda cha amayi kuti nditseke zenera, ndinapeza mayi aang'ono atakhala pabedi, chikwama chawo chili pamiyendo.

"Amai, basi yakusiyani!"

"Ileke iyende," anatero. "Mailo kukacha unipeleke kwamene mupimisila. Koma nkhuku zanu za mu filiji sinizadya."

Ndinakhala pansi n'kuseka koyamba chimwalirire amayi.